Marlow wa m'buku la Heart of Darkness ananamiza mayi uja, nanga a ku Congo anawauza chani?

Mwalemba bwino koma pamene mukuti Heart of Darkness ndi buku lodzudzula atsamunda basi, ine pamenepo ndakana pang'ono. Zoona Joseph Conrad, mlembi wa bukuli, anapitako yekha ku Congo mu 1890, nthawi imene dzikolo linali ngati munda wa mfumu Leopold II wa ku Belgium, ndiye zimene analemba za anthu omangidwa maunyolo m'khosi, ena akungofa pansi pa mitengo chifukwa cha ntchito ya njanji, sanazilote ayi. Kurtz uja, mzungu wa m'bukumo wosonkhanitsa minyanga ya njovu, anapita ndi mawu okoma oti akukatukula anthu, mapeto ake mitu ya anthu pa mitengo kuzungulira nyumba yake, zonsezo chifukwa cha minyanga ya njovu.

Koma taonani, munthu wakuda ndi ndani m'bukumo amene ali ndi dzina? Palibe olo mmodzi. Ngakhale woyendetsa sitima amene anabayidwa ndi mkondo pafupi ndi Marlow, mzungu amene akufotokoza nkhaniyi, sitimudziwa dzina, poyamba Marlow amangodandaula za magazi mu nsapato zake. Chinua Achebe, mlembi wa ku Nigeria, ananena zimenezi mu 1975 ku Massachusetts ku America ndipo mpaka pano sindinaone amene anamuyankha mondikhutiritsa.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi kumapeto kuja, Marlow amati amadana ndi bodza koma akafika kwa chibwenzi cha Kurtz amamuuza kuti mawu omaliza a Kurtz anali dzina la mayiyo. Eti kuti mayi asasweke mtima. Ndiye Ulaya anapitiliza kugona tulo tabwino, minyanga ikubwerabe.