Wotchi yapamkono siinena zoona nthawi zonse

Othamanga amauzidwa kuti munthu achotse zaka zake pa 220 kuti adziwe malire a kugunda kwa mtima wake pa mphindi imodzi. Imeneyo ndi nambala yongoyerekeza. Ikhoza kuphonya ndi 10 kapena kuposa, ndiye magawo onse a kugunda kwa mtima amene wotchi yakuikirani kuti muzitsatira pothamanga amasokonekera pomwepo.

Vuto lina ndi wotchi yeniyeniyo. Imayeza magazi ndi kuwala kobiriwira kuja kwa kunsi kwake, choncho ikakhwepa imayamba kuwerenga kuponda kwa mapazi m'malo mwa kugunda kwa mtima. Mukaona 175 pamene mukuthamanga pang'onopang'ono, mukucheza bwinobwino osachita wefuwefu, dziwani kuti ndi zimenezo. Imangeni zolimba, zala ziwiri pamwamba pa kafupa ka padzanja.

Pothamanga mwaliwiro mamita 400 imachedwanso kutsatira. Apo pamafunika lamba wapachifuwa woyeza kugunda kwa mtima, monga Polar H10. Nyowetsani timalo togunda khungu musanavale, apo ayi mphindi zoyambirira manambala amangodumphadumpha. Mukamaliza, chotsani kachipangizo kamene kamalumikizidwa pa lamba kuti batire lisathe msanga (ndi CR2025), lambayo mum'tsukuluze thukuta.

Kukatentha ngati mu Okutobala, kugunda kwa mtima kumakwera ngakhale liwiro lili lomwelo. Chepetsani liwiro mpaka nambala ibwerere m'gawo lanu, ndipo imwani madzi.