Napolo analipo kale m'ndakatulo zathu

Mwati olemba athu angoyamba kumene kulemba za kusintha kwa nyengo. Pamenepo ndiye sindikugwirizana nanu. Malemu Steve Chimombo adatulutsa ndakatulo za Napolo mu 1987, chinjoka chija makolo amati chikamasamuka m'phiri chimagumula nthaka, monga zidachitikira ku Zomba mu 1946. Namondwe Freddy atagumula phiri la Soche mu Malichi 2023, agogo anga adangoti, "Napolo wadutsa." Ku Chilobwe ndidaona ndi maso angawa bambo akufukula matope ndi khasu, kusakasaka ana awo.

Chimandiwawa n'chakuti zambiri zimalembedwa m'Chingerezi. Nanga m'Chilomwe ndi m'Chisena bwanji, poti ku Phalombe ndi ku Nsanje ndiko madzi amasautsa anthu kwambiri?