Pemphero la banja lopita kukaona mapiri ndi mchenga ku Namibia

Atate wathu wakumwamba, mawa m'bandakucha banja lathu linyamuka kuno ku Lusaka. M'minibasi imodzi mudzakhala agogo aamuna ndi agogo aakazi, ana awo, apongozi, zidzukulu, mpaka khanda lakumsana. Tagwada pamaso panu, ndipo aliyense wowerenga pempheroli agwade nafe.

Oyendetsa tikuwapereka m'manja mwanu. Tikawoloka Kafue n'kuyamba kukwera mapiri a Munali, kumene malole olemera amachita kukwawa, apatseni mtima wodekha. Asapitirire lole pakona chifukwa chakuti ana akufunsafunsa ngati tafika. Tulo tikawagwira, avomere kuima. Mutidutsitse ku Mazabuka ndi minda yake ya nzimbe, Monze, Choma, Kalomo, mpaka ku Livingstone. Popita ku Sesheke, paliponse pamene msewu wakumbika, sungani matayala, sunganinso msana wa agogo aakazi.

Pa mlatho wa Katima Mulilo, umene wakhala ukuwolotsa anthu pa Zambezi kuyambira 2004, mutitsogolere. Mapasipoti, makalata a galimoto ndi zikalata zakubadwa za ana, chimodzi chisatsale patebulo kunyumba. M'nkhalango ya Bwabwata, njovu zikatseka msewu, tiphunzitseni kudikira osaliza hutala. Ku Rundu, Grootfontein ndi Otjiwarongo mafuta asatithere panjira.

Ambuye, agogo athu anakulira m'tsinde mwa phiri la Mphangwe ku Katete, ndipo amati phiri akulidziwa. Alimbitseni maondo, apenyetseni maso, kuti akaone Spitzkoppe, thanthwe lalikulu loima lokhalokha pachidikha chouma, akaonenso Brandberg, lalitali kuposa mapiri onse a Namibia, mamita 2,573. M'mapanga mwake anthu akale a mtundu wa San anajambulamo nyama ndi alenje. Zidzukulu zikaone kuti ngakhale kumalo kosowa madzi kotere munasungako anthu. Sitikupempha kuti agogo akafike pansonga, iyayi. Akangokhala pamthunzi wa mwala, mapiritsi awo a BP atamwa panthawi yake, mdzukulu akuwatsegulira botolo la madzi, ife kwathu kwatha.

Tikafika ku Sossusvlei, m'chipululu cha Namib, mutidzutse kusanache. Mchenga wakumeneko munaupaka kufiira ndi dzimbiri la chitsulo, mphepo n'kuuunjika milu yoposa nyumba zonse zosanja za mumsewu wa Cairo kuno ku Lusaka. Dzuwa likakwera umawotcha mapazi. Achinyamata akamathamangira kukwera mulu wotchedwa Dune 45, phazi likumira mpaka mu akakolo, kukwera katatu kutsetsereka kawiri, akumbutseni chipewa ndi madzi, asapikisane mpaka wina kukomoka. Munauza Abrahamu kuti mbewu yake idzachuluka ngati mchenga. Agogo akautape m'dzanja, uziwapulumuka m'zala, ayang'ane zidzukulu zawo, aseke.

Tikuyamikani chifukwa cha nkhungu yochokera ku nyanja yozizira ya Atlantic, imene imamwetsa dziko losowa mvula. Kuli kachikumbu kamene kamakwera pamulu wa mchenga m'mawa, n'kuzondotsa mutu pansi kuti madontho a nkhungu atsikire kukamwa kwake. Inu amene munakaganizira kameneko, ifenso simungatiiwale. Ku Swakopmund, ife obadwira m'dziko lopanda nyanja yamchere, tikaviike mapazi mosamala, ana ali m'manja mwa akulu.

Koma Ambuye, chimene tikuopa kwambiri si msewu. Ndi ife eni ake, titapanikizana masiku ambiri m'galimoto imodzi. Nkhani ya ndani walipira mafuta isatigawanitse. Apongozi ndi akamwini apatsane ulemu ngakhale atatopa. Wofuna zenera lotsegula ndi womva mphepo amvane. Agogo akayamba nthano imene tinaimva kale kambirimbiri, ana aike mafoni pansi amvetsere, pakuti sitidziwa kuti ulendo wotere udzachitikanso tonse tilipo. Agogowo akasowa nsima ya kwawo n'kuyamba kung'ung'udza, tipatseni kuseka m'malo mokwiya.

Nyumba yathu tikuisiya m'manja mwanu. Mbava zikhale nayo kutali. Dalitsani anansi amene avomera kutidyetsera nkhuku. Kumbukiraninso mabanja amene akulakalaka ulendo wotere koma ndalama yathera ku sukulu ndi kuchipatala. Atsegulireni khomo nawonso. Mutibweze ku Lusaka tonse amoyo ndi athanzi.

M'dzina la Yesu Khristu, Amen.