Malipiro a osewera mpira: kwathu kuno, ku Tanzania ndi ku Joni

Peter Banda atachoka ku Bullets kupita ku Simba mu 2021, ena ankafunsa kuti ku Tanzania akukatani ngati kuti ndi ku Ulaya. Komatu chaka chomwecho Azam Media inasainirana ndi bungwe la mpira la ku Tanzania la TFF mgwirizano wa zaka 10 woonetsa ligi pa kanema, wa ndalama zoposa mashilingi 225 biliyoni. Gawo la ndalamazi limapita ku matimu, ndiye mwezi ukatha wosewera amayembekezera kena kake ngakhale bwalo lisadzaze.

Kwathu kuno malipiro amatengera amene wagwira timu pamkono. Kumbuyo kwa Silver Strikers kuli Reserve Bank, Maule (Bullets) ali ndi Nyasa Manufacturing Company ndi banki ya FCB, pomwe anyamata ambiri a Moyale, MAFCO ndi Blue Eagles amadya za boma ngati asilikali ndi apolisi. Matimu ang'onoang'ono amadikira ndalama za pakhomo, ndipo mnyamata amakhalira gemu bonasi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, wa kontirakiti ya makwacha anadzuka ali wosauka kuposa dzulo. Mukudabwa bwanji anyamata akamawolokera ku UD Songo ku Mozambique, timu yodalira kampani ya magetsi a Cahora Bassa? Ku Zambia nako mpira umatsamira makampani, monga ZESCO United ndi Zanaco, kungoti matumba awo ndi akuya.

Ku Joni ndiye kumene ndimachitira kaduka. Ligi yaikulu ya kumeneko, PSL, imapatsa timu iliyonse ndalama mwezi ndi mwezi kuchokera ku mgwirizano wa kanema wa SuperSport ndi othandiza ligi, osewera ali ndi bungwe lawo la SAFPU, komanso pali bwalo lomva madandaulo a makontirakiti. Sikuti kulibe njala ayi. Mu Disembala 2023 osewera a Moroka Swallows, komwe kunali Gabadinho Mhango, ananyanyala pa nkhani ya malipiro mpaka timu inalephera kusewera magemu awiri, ndipo nkhaniyo inakathera ku komiti ya chilango ya ligi.

Lamulo la FIFA limalola wosewera amene sanalipidwe miyezi iwiri kupereka chenjezo la masiku 15, kenako n'kuthetsa kontirakiti.  Koma wosewera wa timu ya kumudzi amene sanapatsidwe ngakhale kope la pepala limene anasaina angayambire pati?