Kafukufuku wake uti? Tisiyeni agogo athu amwe mankhwala awo

Abale ndakwiya, mundilole ndilankhule. M'mawa uno tili pa siteji ku 25 kudikira minibasi idzaze, pafika mnyamata wa tayi, chikwama chodzadza timabotolo ta madzi ofiirira, topanda tsiku lotha ntchito, topanda dzina la amene anapanga. Akuti mankhwala amenewa amatsitsa BP, amatsuka mapapo, amasungunula magazi oundana m'mitsempha, ndipo kafukufuku watsimikiza. Amayi ena achikulire amene ndinakhala nawo mpando umodzi anamasula pa mpango timapiritsi tawo ta BP ta kuchipatala nkufunsa kuti mwanangu, ndiye awa ndisiye? Iye osaphethira nkomwe, eya amayi siyani, amenewo akuonongerani impso. Ndinamufunsa kuti achimwene, kafukufuku wake uti, anapangira kuti, anayeza anthu angati? Anangoseka nkulandira ndalama.

Kafukufuku wake uti? Ndiye funso langa ndi limenelo basi. Mawu akuti kafukufuku asanduka ogulitsira malonda, aliyense akungowatchula kuti anthu atulutse ndalama. Kafukufuku weniweni ali ndi dzina, ali ndi malo, ali ndi chaka. Konkuno ku Area 25 kwathu a MEIRU, bungwe lofufuza za umoyo, anayenda khomo ndi khomo, ndi ku Karonga, kuyambira 2013 mpaka 2016, kuyeza anthu pafupifupi 29,000 BP, shuga ndi kunenepa, zotsatira zinatuluka 2018, ndipo anapeza kuti mwa anthu a BP yokwera oposa theka samadziwa nkomwe kuti ali nayo. Ameneyo ndiye kafukufuku, anthu anakulungidwa lamba pa mkono, manambala analembedwa, madokotala ena anawaunikanso. Nanga wa botolo uja anayeza ndani? Atiuze.

BP siipweteka abale, munthu amayenda bwinobwino ili pamwamba pa 140/90, kutakasuka, kulima, kupita ku tchalitchi, tsiku lina wangogwa kubafa mkono ndi mwendo zafa kukamwa kwapindika, sitiroko. Ndiye munthu wamva bwino chifukwa cha mapiritsi, wina amuuze kuti siyani mwachira? Kumeneko nkupha. Sindikuona dzina lina, nkupha munthu mwadala chifukwa cha ndalama ya ndiwo.

Za magazi oundana ndiye zimandiwawa kwambiri. Munthu wakhala m'basi kuchokera ku Joni miyendo ili chopinda, kapena mayi wangochira kumene, kapena wagona nthawi yaitali atapangidwa opaleshoni, mwendo umodzi watupa, ukutentha, ukuwawa. Magazi oundana amenewo akhoza kuchoka m'mwendo nkukatseka mitsempha ya m'mapapo, munthu nkubanika nkumwalira pompo. Ameneyo ndi wothamangira naye ku chipatala cha Central, osati womumwetsa madzi ofiirira. Ndipo amene ali pa warfarin, mankhwala a kuchipatala oletsa magazi kuundana, amadziwa, magazi awo amayezedwa pafupipafupi chifukwa mlingo ukangopitirira pang'ono munthu amataya magazi osasiya, ndiye wina awonjezerepo zitsamba zosadziwika zoti mkati muli chani? Chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere.

Inde ndikudziwa, umphawi, mizere ya kuchipatala, mankhwala kusowa, zonsezo zilipo. Koma sizikupatsa munthu ufulu wonamiza agogo a eni ake ndi mawu akuti kafukufuku. Ngati mankhwala ako ndi amphamvu apereke akayezedwe, tili ndi masukulu a zaumoyo m'dziko muno, akayesedwe pa anthu mwa dongosolo, zotsatira tizione tonse. Ukukana chani? Ukuopa chani? Amene ali ndi makolo a BP kunyumba chonde kaoneni m'zikwama mwawo lero, funsani ngati akumwabe mapiritsi, ambiri amasiya mwakachetechete osakuuzani.

Ndipo inu ma wailesi ena amene mumapatsa anthu oterewa ola lathunthu usiku kuti azilengeza kuti amachiza mtima, mphumu, shuga, khansa, zonse botolo limodzi, muulutsi akungovomera eya adokotala, eya adokotala, osafunsa ngakhale funso limodzi, mumagona tulo bwanji?