Chenjezo kwa okaona makachisi ku India: Nandi si choseweretsa

Ana anga amene mumapita ku India kukaphunzira kapena kuperekeza odwala, nkupezako mpata woona malo, ndimvereni. Zikundipweteka mtima kuona zithunzi za alendo atatsamira fano la ng'ombe yamphongo m'makachisi a Ahindu, ena atakweza ana pamsana pake, enanso atakanda mayina awo pazipilala popanda manyazi.

Ng'ombeyo ndi Nandi, amene Ahindu amakhulupirira kuti ndiye amanyamula mulungu wawo Shiva ndi kulondera pakhomo pake. Amam'mangira malo akeake a denga ndi zipilala zamiyala, otchedwa Nandi mandapa, ndipo amawaika molunjika khomo la chipinda chopatulika kuti iye aziyang'ana mbuye wake usana ndi usiku. Nchifukwa chake opembedza ambiri amapewa kuima pakati pa awiriwa. Ena amawerama nkunong'oneza pempho lawo m'khutu la Nandi. Tsono inu mukaima pomwepo ndi foni, mukuseka mokweza, mwasokoneza pemphero la munthu amene mwina wayenda ulendo wautali ndi nkhawa yaikulu.

Ku Thanjavur, m'kachisi wa Brihadisvara amene anamalizidwa m'chaka cha 1010 mu ulamuliro wa mfumu Rajaraja I, Nandi anasemedwa pamwala umodzi wolemera matani pafupifupi 25, ndipo kudenga la malo akewo kuli zojambula zautoto. Ku Halebidu, kachisi wa Hoysaleswara wa m'zaka za m'ma 1100 ali ndi malo otere awiri, ndipo mwala wake ndi wofewa. Kufewako ndiko kunalola amisiri kusema mabelu ndi mikanda ya m'khosi mwa ng'ombezo mwaluso lodabwitsa, komanso ndiko kumachititsa kuti kiyi kapena ndalama yachitsulo isiye chipsera chosafafanizika.

Musaganize kuti boma limangoyang'ana. M'chaka cha 2019 anyamata amene anagwetsa zipilala za kachisi wakale ku Hampi, nkudzijambula vidiyo, anamangidwa, analipitsidwa chindapusa, ndipo khoti linawalamula kuti akaziimikenso. Lamulo loteteza malo akale, la 1958 lomwe linakhwimitsidwa mu 2010, limalola kutsekera wowononga m'ndende mpaka zaka ziwiri.

Vulani nsapato pamene eni ake akuvulira, valani modzilemekeza, gwirani ana padzanja, ndipo musanajambule funsani alonda kapena ansembe ngati nkololedwa.