Mfuti ya amalume ako sikusandutsa mlenje

Ine zandinyansa ndipo ndilankhula, wokwiya akwiye. Mnyamata wina wakumudzi kwathu, kufupi ndi nkhalango ya Nkhotakota, waika chithunzi pa WhatsApp atayima monyada, phazi lili pa mbawala, mfuti ya malemu amalume ake ili paphewa. Mbawalayo inali ndi bere. Poitumbula kamwana kanatuluka kali kale ndi ubweya, anakaponyera agalu. Ndiye anthu ali pikitipikiti kumutamanda, ati mlenje weniweni, ati magazi a amalume ake. Magazi ake ati? Tsitsi lomwe tinameta pamaliro a mkuluyo silinamere n'komwe, iwe wayamba kale kuwachititsa manyazi ali m'manda!

Wapatsidwa mfuti, ulenje sanakupatse. Ulenje sagawa pa chuma cha masiye ngati mbale ndi makasu. Malemuwo tinkawadziwa tonse. Ankayang'ana mapazi pansi n'kukuuza kuti iyi ndi yaikazi ndipo ikuyamwitsa, tiyeni tizipita. Ankabwerako chimanjamanja osachita nazo manyazi. Akapha nguluwe yomwe yavuta m'minda, mwendo unkapita kwa amfumu, ina yonse mudzi unkadya. Iwe umanyamuka usiku ndi tochi yapamutu, chilichonse chowala maso n'kuombera. Kaya ndi gwape, kaya ndi mbuzi ya eni ake, kaya ndi munthu amene akulonda chimanga kudimba, iwe sudziwa. Umenewo si ulenje, ndi umbava wonyamula mfuti.

Ndipo mfuti yake iti? Gogodera wakalekale, mpope wake unadyeka ndi dzimbiri, mtengo wake unang'aluka mpaka anaumanga ndi mphira. Wonga weniweni mulibe, mumapala mitu ya machesi, mumathiramo tizitsulo ndi timisomali todula, n'kutsindira ndi sanza. Tsiku lina mpope umenewo udzang'ambikira m'manja mwako, zala zidzatsala m'tchire. Tsoka silinunkha, mphwanga. Nyamanso zambiri zomwe mumaombera ndi zinthu zimenezi sizifera pomwepo, zimathawa ndi chilonda n'kukawolera kuthengo, osadyedwa ndi munthu aliyense.

Mukuti ndi mfuti ya pamtundu, ndi chikhalidwe chathu. Chabwino, isungeni. Ipakeni mafuta, muikoleke pakhoma, ana aziiona n'kumamva za agogo awo. Palibe akukuletsani kulemekeza makolo. Koma kusunga ndi kwina, kuombera ndi kwina. Chiphaso cha mfuti chimakhala m'dzina la munthu, sichikhala m'dzina la mtundu. Mwini wake akamwalira, chiphaso sichilowa chokha m'thumba la mphwake. Muyenera kupita kupolisi, ndipo kusaka nakonso kumafuna chilolezo chakechake cha nthambi yoona za nyama zakutchire. Mnyamata wathuyu alibe ngakhale chimodzi. Ali ndi foni basi, yodzijambulira umboni yekha.

Umphawi, ndiwo kusowa, inde tikudziwa. Koma si iwe wekha wosauka m'mudzimo.

Agogo anu ankasaka nyama zili mbwee. Inu mukusaka zotsalira. Nkhalango ya Nkhotakota inali ndi njovu zoposa 1,500, zinatha mpaka kutsala zosakwana 100. Zinatha ndi chiyani, mphepo? Zinatha ndi mfuti ndi misampha. A bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks atayamba kuyang'anira nkhalangoyi mu 2015, anachita kunyamula njovu pafupifupi 500 pa malole kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete, mu 2016 ndi 2017, pamodzi ndi nyama zina zambirimbiri. Kuchita kutibweretsera nyama pagalimoto, m'dziko lathu lomwe, chifukwa tinamaliza zathu! Ndiye iwe lero uime pa mbawala yabere uziti ndine mlenje? Lamulo la nyama zakutchire analikhwimitsa mu 2017, ndipo wopha njovu, chipembere kapena ngaka akhoza kukhala kundende mpaka zaka 30. Lero ndi mbawala, mawa mtima ukula, ulowa mkati mwa mpanda wa nkhalangoyo. Akadzakugwira, amene akukuwombera m'manja pafoniwa sadzabwera ndi phala kundende. Amene adzabwere ndi amayi ako, wapansi, atamanga ufa pampango.

Ndipo inu akuluakulu a pabanja, inu amene munakhala pansi pa mtengo n'kugawa katundu, mlanduwu ndi wanunso. Njinga munakangana tsiku lonse kuti itengedwe ndi ndani. Malata munawerenga limodzilimodzi. Koma mfuti munangoipereka kwa mwana amene mukudziwa kuti akamwa kachasu sadziwa ngakhale dzina lake, chifukwa choti ndiye mphwake wamkulu. Ukulu wobadwa nawo ndi umene uziteteza ana athu akamapita kotola nkhuni?

Enanso ondikwiyitsa ndi inu a m'tauni. Mumabwera ndi magalimoto anu kumapeto a sabata, mwavala bwino, n'kumanong'oneza anyamata kuti kodi ya m'tchire ilipo? Mumalipira, mumaika m'buti, n'kubwerera ku Lilongwe kukawotcha ndi anzanu. Lolemba ndinu omwe mukulemba pa Facebook kuti a kumudzi akuwononga chilengedwe. Mulibe manyazi inu?